Legson Kayira ndi Nthano za Chikondi za Masiku Akale

Munthu amene akwera phiri la Khondowe kuchokera ku Chitimba, m'mbali mwa nyanja, amatsata mseu wokhotakhota umene anthu a kumeneko amautcha Gorodi, ndipo akafika pamwamba amapeza nyumba za njerwa zofiira za mishoni ya Livingstonia. Dr Robert Laws anasamutsira nchito yache pamalo amenewa m'chaka cha 1894, atayamba wakhala ku Cape Maclear kuyambira 1875 ndi ku Bandawe kuyambira 1881. Sukulu imene anaimanga, yotchedwa Overtoun Institution, inatulutsa aphunzitsi, abusa, akalaliki ndi amisiri amene anabalalika kufikira ku Tanganyika, ku Northern Rhodesia ndi ku South Africa. Za anthu amenewo zalembedwa zambiri. Ine ndifuna kunena za mmodzi amene anaphunzira paphiripo mochedwa, pamene ulamuliro wa atsamunda unali kupita kumapeto, ndiye Legson Kayira. Ambiri amamdziwa chifukwa cha ulendo wache wapansi. Owerengeka okha ndiwo amakumbukira kuti munthu yemweyu analemba nthano zazitali zokamba za chikondi ndi ukwati m'masiku amene anapita, ndipo nchito imeneyi ndiyo ndifuna kuti tiiyang'ane.

Poyamba tiyenera kumvana za mtundu wa nthano umene tiri kuunena. Nthano za agogo za pamoto, za Kalulu ndi Fisi, sizitchula chaka kapena mudzi weniweni. Zimangoti padangokhala, ife nkuti tiri tonse. Mbiri yakale, monga imene timaphunzitsa m'kalasi, imatchula zaka ndi maina a mafumu, koma siitiuza chimene mtsikana wa m'mudzi anali kuganiza usiku umene nkhondo inafika. Pakati pa ziwirizi pali mtundu wachitatu. Mlembi amatenga nyengo yeniyeni imene inapita, pamodzi ndi nkhondo zache, misonkho yache ndi miyambo yache, naikamo anthu opeka, kawirikawiri mwamuna ndi mkazi okondana, kuti wowerenga aione nyengoyo kupyolera m'mabvuto a anthu awiriwo.

Amene anatchukitsa kalembedwe kameneka pakati pa Azungu ndiye Sir Walter Scott, wa dziko lomwelo la Scotland kumene kunachokera amishoni a Livingstonia. Buku lache la Waverley linatuluka mu 1814, ndipo likamba za kuukira kwa anthu a kumapiri a Scotland mu 1745. Mnyamata wa m'bukumo apezeka pakati pa atsikana awiri. Woyamba, Flora, ndi mlongo wa mfumu ya oukirawo, ndipo mtima wache wonse uli pa nkhondoyo; wachiwiri, Rose, ndi wofatsa, wokonda zapakhomo. Oukira agonja, ndipo mnyamata akwatira Rose. Tsono taonani chimene Scott wachita apa. Sanaime pachulu kulalikira kuti moyo wakale wa kumapiri watha ndipo wofuna mtendere agwirizane ndi boma la ku London. Wangoonetsa ukwati, ndipo ukwatiwo ndiwo wagamula mlandu wa nyengo yonseyo.

Anthu a ku America anatenga njira imeneyi naipititsa kumadzulo kwa dziko lao, kumene kunali madambo akuru ndi abusa a ng'ombe okwera pa akavalo, aja anyamata athu amawatcha akauboyi. Owen Wister anatulutsa The Virginian mu 1902, nthano ya mbusa wa ng'ombe wa ku Wyoming amene afunsira mphunzitsi wamkazi wochokera kum'mawa, ku Vermont. Zane Grey, amene nchito yache yoyamba inali yochiza mano, anatulutsa Riders of the Purple Sage mu 1912, naika nkhani yache ku Utah m'chaka cha 1871. Tiyenera kuzindikira kuti amuna awiriwa analemba pamene moyo umene anali kuufotokozawo unali utatha kale. Nyengo yokusa ng'ombe maulendo atali inangokhala zaka ngati 20, kuyambira itatha nkhondo yapachiweniweni mu 1865, ndipo pofika 1890 akalembera a boma anati kulibenso malire a dziko lopanda anthu. Njanji ndi mipanda yawaya zinali zitadula madambo aja. Chifukwa chache nthanozi ziri ndi chifundo cha munthu wokumbukira kwao.

Mafupa a nthano za kumadzulozi ndi amodzi, ngakhale mnofu usiyane. Mlendo afika pamalo pamene pali chisokonezo. Apeza mkazi amene ali m'mabvuto. Alimbana ndi anthu oipa, nawagonjetsa. Potsiriza mkaziyo akhala wache. Amene atenga mkazi ndiye amene tsogolo liri lache. Kuno kwathu nthanozi zinafika pa kanema zisanafike m'mabuku. Ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia makampani ankaonetsa anchito ao zithunzi za akauboyi mlungu ndi mlungu, kotero kuti ngwazi iriyonse ya pachithunzipo anthu ankangoitcha Jeke, ndipo ana m'makomboni ankasema mfuti zamitengo. Ena mwa oonerawo anali a ku Nyasaland.

Chodabwitsa nchakuti boma la Rumphi liri nayo kale nthano ya mlendo wotere, ndipo siyopeka yonse ai. Akuluakulu a ku Nkhamanga amasimba kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kunafika munthu wamalonda wochokera kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, ndipo dzina limene anampatsa, Mlowoka, litanthauza munthu wooloka. Iye anali kufuna minyanga ya njobvu, imene eni dziko sanali kuiwerengera mtengo. Sanadze ndi nkhondo. Anagawa nsaru, mikanda ndi makasu kwa akulu a mapfuko, nakwatira ana ao akazi, ndipo kuchokera m'maukwati amenewo munatuluka ufumu wa Chikulamayembe. Gonapamuhanya, amene analowa m'malo mwache, amakumbukiridwa pa mwambo wa ku Bolero. Ufumuwu unagwa Angoni a M'mbelwa atalowa m'dziko la Atumbuka cha m'ma 1855, ndipo unadzutsidwanso mu 1907 pamene Chilongozi Gondwe analongedwa.

Amene anayamba kulemba zimenezi ndi ana a Livingstonia. Saulos Nyirenda analemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga mu 1909, ndipo T. Cullen Young, mmishoni amene anagwira nchito kumpoto zaka zambiri, anaitembenuza naisindikiza mu 1931. Andrew Nkonjera anatulutsa yache ya Akamanga mu 1911. Pambuyo pache, m'zaka za m'ma 1970, katswiri wa mbiri Leroy Vail anaonetsa kuti zolemba za Nyirenda ndi Young zinakuza ufumu wa Chikulamayembe kuposa mmene unaliri. Ine sindiona chifukwa chonyozera Nyirenda pa ichi. Analemba patangopita zaka ziwiri chidzutsireni ufumuwo, pamene anthu akwao anali kufuna kuonetsa boma la atsamunda kuti iwo sanali akapolo a Angoni kuyambira pachiyambi. Aliyense wolemba zakale amalembera anthu a masiku ache. Chimene ndidandaula nacho ndi china: m'mbiri ya Mlowoka akazi aja timawamva ndi maina a mapfuko ao okha. Kaya anakondwera pokwatiwa ndi mlendo wolankhula chinenero china, kaya analira, olembawo sanaone kuti imeneyo ndi mbiri.

Tsono tibwerere kwa Kayira, amene anakula m'dziko lokhala ndi mbiri zoterezi. Iye anabadwa cha m'ma 1942 m'mudzi wa Mpale, ku Nthalire, kumpoto kwa phiri la Nyika, m'banja losauka lopanda wodziwa kulemba. Monga anasimba yekha, ali khanda amai ache, atapanikizika ndi mabvuto, anamponya mumtsinje wa Didimu. Anapulumutsidwa, ndipo mtsinjewo unampatsa dzina. Dzina lakuti Legson anadzipangira yekha ali kusukulu, pofuna dzina lomveka Chingerezi monga anali nalo anzache. Tikhoza kunena kuti kumeneku kunali kupeka kwache koyamba. Atakhoza bwino maphunziro oyamba anapita ku sukulu ya sekondale ya Livingstonia, imene mau ache olimbikitsa ophunzira anali akuti munthu anene kuti ndidzayesa. Kumeneko anawerenga za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, anthu amene anabadwa osauka nakwera chifukwa cha maphunziro, ndipo anatsimikiza mumtima kuti adzapita ku America.

Ananyamuka kumudzi pa 14 October 1958, wopanda nsapato, atanyamula kamba wa masiku ochepa, bulangete, kankhwangwa, Baibulo ndi buku la John Bunyan la The Pilgrim's Progress. Anadutsa Tanganyika, akugwira maganyu m'njira kuti apeze chakudya, nafika ku Kampala. M'nyumba yowerengeramo mabuku ya boma la America mumzindawo anapeza buku la maina a makoleji, nalembera kalata Skagit Valley College ya ku Mount Vernon, m'chigawo cha Washington. Anamlandira. Anapitirira mpaka ku Khartoum, mtunda woposa mamailosi 2,000 kuchokera kwao, ndipo ophunzira a kolejiyo pamodzi ndi anthu a m'tauniyo anasonkha ndalama za ndege. Anafika mu December 1960. Zonsezi ziri m'buku lache loyamba, I Will Try, limene linatuluka mu 1965, chaka chimene anatsiriza maphunziro a zandale ku University of Washington. Kuchokera apo anapita ku St Catharine's College, ku Cambridge, kukaphunzira mbiri yakale.

Pano pali chinthu chimene sindifuna kuti tichidumphe. Malo amene Kayira anafikirawo ali kumapeto kwenikweni kwa kumadzulo kuja kwa nthano za akauboyi, pakuti kupitirira apo ndi madzi a nyanja ya Pacific. Dzina lakuti Skagit ndi la mtundu wa anthu amene anali eni chigwacho Azungu asanafike, ndipo mzinda wa Seattle, kumene kuli yunivesite imene anaphunzirako, unatenga dzina la mfumu ya eni dzikowo. Mafumu amenewo anasainitsidwa pangano la Point Elliott lopereka malo ao mu 1855, nyengo yomweyo imene Angoni anali kulowa m'dziko la Atumbuka. M'nthano za kumadzulo anthu oterewa saoneka kawirikawiri, ndipo akaoneka amakhala chiopsezo chimene ngwazi iyenera kuchichotsa panjira. Kayira nayenso anali mlendo wofika kumadzulo, ndipo buku lache loyamba liri ndi mafupa aja a nthano ya ngwazi: mnyamata yekha, njira yaitali, matenda, njala, chigonjetso. Azungu analikonda chifukwa chomwecho. Koma pamene anayamba kupeka nthano, anafulatira America, nabwerera m'maganizo kumidzi ya kumpoto kwa Nyasaland ya masiku a atsamunda, ndipo anasankha kuima pambali pa anthu amene mlendo amawapeza, amene amatsala mlendoyo akatenga zache.

Nthano yache yoyamba, The Looming Shadow, inatuluka mu 1967. Iyi siya chikondi kwenikweni. Ikamba za udani wa amuna awiri a m'mudzi umodzi, Musyani ndi Matenda, za kunenezana ufiti, ndi za nyakwawa imene iri pakati pa mwambo wa makolo ndi lamulo la boma loletsa mwabvi. Ndiitchula chifukwa m'menemo ndimo anaphunzira kumanga mudzi ndi mau: kuyamba pang'onopang'ono, kuonetsa wina aliyense ndi kakhalidwe kache, ndi kuseka anthu ache mopanda nkhanza. The Civil Servant ya 1971 ikamba za kalaliki wa boma amene mtima wache ugwa pa mkazi wa mwini. Koma pakati pa ziwirizi pali Jingala, ya 1969, ndipo m'kuona kwanga imeneyi ndiyo nchito yache yoposa.

Jingala ndi mwamuna wachikulire, wofedwa mkazi, amene anapuma nchito yokhometsa msonkho. Kusankha nchito imeneyi ndi luso kale. Wokhometsa msonkho anali dzanja la boma pamudzi, woopedwa ndi wolemekezeka, ndipo msonkho wa nyumba ndiwo unali kutulutsa anyamata m'midzi kuti akafune ndalama ku migodi ya Southern Rhodesia ndi ya Johannesburg, kumene makolo athu ankakutcha ku Joni. Motero munthu amene m'bukumo aimira mwambo wa makolo ndi yemweyo amene moyo wache wonse anatumikira chinthu chimene chinali kugumula mwambowo, ndipo iye mwini sachiona ichi. Ali ndi ziyembekezo ziwiri. Choyamba ndi mwana wache mmodzi yekha, Gregory, amene anamtumiza ku sukulu ya ansembe Achikatolika. Chachiwiri ndi kamtsikana, Liz, kamene anatomera kali kakang'ono, ndipo ali kudikira kuti kakule kuti akatenge. Gregory anena kuti afuna kukhala wansembe. Liz athawa ndi mnyamata wobwera kuchokera ku migodi, dzina lache Muchona.

Awerengi ochokera m'chigawo chapakati ndi cha kummwera ayenera kukumbukira kuti kumpoto ukwati uli wa malowolo, ndipo ana amakhala a kuchimuna. Kwa Achewa, mwamuna wa chikamwini akasowa mwana, mbumba yache iripobe mwa ana a mlongo wache, ndipo dzina lidzalowedwa ndi mphwache. Kwa munthu ngati Jingala sizitero. Mwana wamwamuna ndiye nyumba, ndiye manda osamalidwa, ndiye dzina. Wansembe wa Chikatolika sakwatira. Choncho pamene Gregory anena za unsembe, atate ache samva nkhani ya chipembedzo konse; amamva kuti mzere wao wathera pa iye. Ndipo pamene tiganiza za ichi timvetsa chifukwa chache nkhalambayo ikangamira kamtsikana kaja. Nkhani ziwirizi, ya mwana ndi ya mtsikana, zimaoneka ngati zosiyana poyamba, koma ziri chingwe chimodzi chopotedwa pawiri. Mishoni imlanda mwana, mgodi umlanda mkazi, ndipo zonse ziwiri zinalowa pakhomo pache ndi chilolezo chache: ndiye analipira sukulu, ndiye anakhometsa msonkho.

Dzina la Muchona nalonso silinaikidwe mwangozi. Machona, kapena matchona monga tinenera m'Chichewa, ndiwo anthu amene anapita kunja kukagwira nchito natha zaka osabwerera, ena osalemba ndi kalata yomwe. Kumpoto kunalibe minda yaikuru ya Azungu yolemba anthu ambiri monga kunaliri ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo sukulu za Livingstonia zinali kutulutsa anyamata ophunzira amene dziko lao linalibe nchito yowapatsa. Chifukwa chache midzi yambiri inatsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba. Tsono yerekezani Muchona ndi alendo awiri aja tawaona kale. Mbusa wa ng'ombe wa Wister akwatira mphunzitsi wache nakhazikika, nakhala mwini malo. Mlowoka akwatira ana a eni dziko nakhazikika, nabala ufumu. Muchona ali nazo zonse zimene mlendo wa m'nthano amakhala nazo, unyamata, ndalama, zobvala ndi mbiri ya maiko akutali, ndipo monga mwa lamulo la nthano zoterezi ndiye atenga mtsikana. Koma iye sakhazikika. Amtenga napita naye. Ngati ukwati ndiwo ugamula mlandu wa nyengo, chigamulo cha Kayira nchakuti tsogolo la mudziwo latuluka m'mudzimo.

Luso lina liri pa malo amene mlembi waimika wowerenga. Wina akanalemba nkhani yomweyi kuchokera kwa achinyamatawo, ndipo ikanakhala nthano yachikondi wamba: mtsikana wokakamizidwa kukwatiwa ndi nkhalamba, mnyamata wompulumutsa, kuthawa, chimwemwe. Kayira watiika m'nyumba ya nkhalambayo. Tiiona ikudzitama, ikulamula, ikukonza zinthu zimene ife owerenga tiona kale kuti zidzapasuka, ndipo timaiseka. Koma pofika kumapeto kuseka kuja kwatha, pakuti taizolowera monga mmene munthu amazolowerera malume ache obvuta. Kuchititsa wowerenga chifundo pa munthu amene ali wolakwa ndi nchito yobvuta kuposa kumchititsa kukonda ngwazi. Pamene ndiwerenga bukuli ndi ophunzira, kalasi imagawikana nthawi zonse, ndipo zimandidabwitsa kuti si anyamata okha amene amamvera chisoni Jingala.

Komabe sindingabise zimene ndiona kuti nzoperewera. Choyamba chikhudza Liz yemweyo. Nkhani yonse izungulira pa iye, koma mtima wache tiuona pang'ono. Ali ngati munda umene amuna awiri alimbirana. Apa Kayira wagwa m'dzenje lomwe lija munagwa olemba mbiri ya Mlowoka. Ife owerenga masiku ano, amene taona Nyumba ya Malamulo ikukweza msinkhu wa ukwati kufika pa zaka 18 m'lamulo la 2015, ndi kukonza malamulo akuru a dziko mu 2017 kuti agwirizane nalo, sitingawerenge za kutomera kamwana popanda kufunsa kuti kamwanako kanali kuganiza chiani. Kuti titsimikize kuti chinali chotheka kulemba mwa njira ina, tiyang'ane Mhudi, nthano ya Sol Plaatje wa ku South Africa, imene inasindikizidwa ku Lovedale mu 1930. Plaatje anaika chikondi cha Mhudi ndi Ra-Thaga m'zaka za m'ma 1830, pamene ankhondo a Mzilikazi anapasula mudzi wa Abarolong. Ndiyo nyengo yomweyo ya chipwirikiti imene inaolotsa Zwangendaba ndi Angoni ache mtsinje wa Zambezi mu 1835. M'buku limenelo mkazi ndiye ali ndi nzeru ndi kulimba mtima, ndipo dzina lache ndilo liri pachikuto. Pachikuto cha Kayira pali dzina la nkhalamba.

Choperewera chachiwiri chichokera kwa anthu amene anali kuwalembera. Mabuku ache anasindikizidwa ku New York ndi ku London, ndipo owerenga oyamba anali Azungu. Chifukwa chache nthawi zina amaimitsa nkhani kuti afotokoze mwambo umene mwana aliyense wa ku Nthalire kapena ku Bolero audziwa, ndipo wowerenga wa kuno amamva ngati mlendo m'nyumba ya amai ache. Anthu a m'bukumo, amene tidziwa kuti alankhula Chitumbuka, atifika m'Chingerezi chosalala, ndipo miyambi, maina aulemu ndi kuzungulira kwa mau kumene mkamwini amalankhula nako kwa apongozi zimachepa mphamvu panjira. Munthu angafunse chifukwa chache sanalembe m'chinenero cha kwao, popeza njira inalipo. Samuel Ntara anali atalandira mphotho ndi Nthondo m'Chinyanja mu 1933, buku limene Cullen Young yemwe uja analitembenuza mu 1934 nalitcha Man of Africa, ndipo D. D. Phiri, amenenso anaphunzira ku Livingstonia, anali atalemba nthano m'Chitumbuka. Koma tikumbukire chaka. Mu 1968, pakati pa nthano yoyamba ya Kayira ndi yachiwiri, msonkhano waukuru wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zinenero za dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'zosindikiza za boma. Buku la Chitumbuka lolembedwa ku England m'chaka chimenecho likanasowa wolisindikiza ndi sukulu yoliwerenga. Ndinena ichi m'magazini ya Chichewa, ndipo ndiyesa kuti ife okonda chinenero chathu tiyenera kuchinena poyera, kuti kukwezedwa kwa chinenero chimodzi kunatsekera zina pakhomo kufikira 1994.

Pali funso lina limene ophunzira amandifunsa, lakuti kodi Jingala tingaitche nthano ya mbiri yakale, popeza mulibe nkhondo, mulibe mfumu yodziwika, ndipo zaka zache sizitalikira kwambiri ndi nthawi imene inalembedwa. Yankho langa ndi lakuti kutalika kwa zaka sikuyesedwa ndi kalendala yokha. Scott analemba za zinthu zimene okalamba a masiku ache anaziona ndi maso. Wister analemba za moyo umene iye mwini anauona ukutha. Pamene Jingala inali kutuluka, dzina la Nyasaland linali litafafanizidwa zaka 5 zapitazo, bwanamkubwa anali atapita, ndipo mlembi mwini anali atachoka kumudzi zaka zoposa 10. Munthu amene anaphunzira mbiri yakale ku Cambridge anadziwa bwino kuti mudzi umene anali kuulemba sunaliponso momwemo. Ndiponso nkhondo imene inasintha midzi ya kumpoto m'zaka za atsamunda sinali ya mikondo. Inali ya chiphaso cha msonkho, ya belu la sukulu ndi ya galimoto ya Wenela yodzatenga anyamata. Wolemba nyengo imeneyo moona ayenera kuika pabwalo wokhometsa msonkho, mwana wa sukulu ndi mtchona, monga anachitira Kayira.

Tisaiwalenso kuti mlembiyo anali mbali ya nkhani yache. Iye ndiye mwana amene sukulu ya mishoni inamchotsa pamudzi, ngati Gregory; iye ndiyenso amene anapita kutali osabwerera, ngati machona. Buku lache loyamba linasimba ulendowo monga chigonjetso, ndipo chinalidi chigonjetso. Patapita zaka 4 analemba nkhani ya kholo lotsala pakhomo likuyang'ana njira, ndipo ine ndiyesa kuti m'menemo anali kuwerengera mtengo wa ulendo wache womwe, umene amai ache ndi abale ache a ku Mpale analipira.

Nthano yache ina, The Detainee, inatuluka mu 1974 m'gulu la mabuku a Heinemann a olemba a mu Africa. M'menemo anasiya zakale ndi zachikondi. Ikamba za munthu wamba wa kumudzi, Napolo, amene anyamuka ulendo wokafuna chithandizo cha kuchipatala, nagwidwa ndi anyamata a wolamulira wankhanza wotchedwa Sir Zaddock, natsekeredwa wopanda mlandu. Aliyense wowerenga anadziwa dziko limene linali kunenedwa, ndipo buku lotere silikanalembedwa ndi munthu wokhala kuno m'zaka zimenezo. Kayira anakhazikika ku England, nagwira nchito yoyang'anira ndi kulangiza anthu opalamula amene khoti lawapatsa chilango chogwirira kunja kwa ndende. Anamwalira ku London pa 14 October 2012, tsiku lomwelo la mwezi womwewo limene ananyamuka ku Mpale zaka 54 zapitazo.